Wapakati Satsazika

Kwathu kuno wapakati akamapita kokachira satsazika munthu. Amayi anga anandiuza, ine ndinamuuza mwana wanga, mwana wangayo atamwalira ndinamuuzanso mwana wake Filomena amene ndinamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi. Tsiku lako ukalilengeza, pali ena amangotenga kachingwe n'kumanga mfundo kuseri kwa nkhokwe, mwana osatuluka mpaka onse awiri kupita. Ndiye m'mawa umene tinanyamuka kupita kuchidikiro ku Mtengowanthenga, m'mudzi monse munalibe amene ndinamuuza. Ngakhale mwamuna wa Filomenayo, amene anali tenanti ku esiteti ya fodya, sindinamutumizire mawu. Mkamwini wochokera kutali sudziwa amacheza ndi ndani.

Kusikelo anali atanena kuti mimba ndi yoyamba, mtsikanayo ndi wamfupi, akadikirire kuchipatala chachikulu. Ine ndinasankha kwa masisitere ku Mtengowanthenga. Chinali chaka chachiwiri chilowereni matipate, mwezi wa Juni, mphepo yochokera kuphiri la Ntchisi ikulowa mpaka m'mafupa.

Tinatuluka kukungoyera. Zitenje, beseni, lumo latsopano, ufa ndi kapoto ndinaziika mumtanga n'kuphimba ndi thumba, kuti wotiona aziti tikupita kuchigayo. Filomena ankaseka njira yonse. Ankati chigayo chake n'chakutali bwanji chofunika kuvala nsapato. Ndinamuuza atseke pakamwa.

Pamsewu tinafika dzuwa litatuluka, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pamene anthu amadikirira. Kale pamenepo pankaima basi, kawiri pa sabata, yochedwa koma yofika. Chibwerereni matipate inayamba kujomba, kenaka inasiyiratu. M'malo mwake aliyense amene fodya wamuyendera ankagula kapikapu kotopa n'kuyamba matola, woyendetsa wake n'kukhala mphwake amene anaphunzirira pa thirakitala. Ngozi zapamsewu kale tinkazimva pawailesi, za anthu a m'tauni amene sitiwadziwa. Tsopano tinayamba kukagona pamaliro ake.

Tinadikira mpaka mthunzi wa mango unatithawa, tinasuntha kawiri. Kunabwera bambo wa matumba a nyemba, aphunzitsi ena opita kutauni, mayi wa mwana wotsokomola, ndi wamalonda wina wonenepa wa jekete lachikopa amene anayamba kutiuza za chipani chake tisanamufunse. Ndinkayang'ana manja a aliyense. Mtanga ndinaupanira pakati pa miyendo.

Kenaka ndinaona a Nachisale akutsika ndi kanjira kakwathu, kathumba pamutu.

A Nachisale ndi mzamba wa m'mudzi mwathu. Theka la ana a kwathu anagwera m'manja mwawo, ndipo munthu wodziwa kumasula amadziwanso kumanga. Kuwonjezera apo, mwana wawo wamwamuna anafunsirapo Filomena n'kukanidwa. Tsiku lina pachitsime anayang'ana mimbayo n'kunena kuti kamsinkhu kameneko tidzaona ngati kadzachire bwino. Mawuwo ndinawasunga. Ndiye tangoganizani: miyezi yonseyi mayiyo osakwera galimoto, n'kudzasankha tsiku lomwelo.

Anapereka moni, ndinayankha. Anati akupita ku Lumbadzi kukaona mwana wawo wodwala. Anayang'ana mtangawo, anayang'ana nsapato za Filomena, n'kufunsa kuti nanga ife. Ndinati kumaliro a achibale a malemu amuna anga. Anangoti pepani.

Matola inafika dzuwa lili pamutu. Inali yoyera kale, galasi lakutsogolo long'aluka ngati ukonde wa kangaude, chitseko cha dalaivala chomanga ndi waya. Ndinapita kukapempha malo akutsogolo chifukwa cha mtsikanayo. Dalaivala, mnyamata wa magalasi akuda ndi chitsotso cha machesi pakamwa, anati kutsogolo n'kwa olipira kawiri. Wajekete uja anali atakhalamo kale, chigongono pawindo. Ife tinakwera kumbuyo. Filomena ndinamukhazika pa thumba la nyemba pafupi ndi kutsogolo, ine pambali pake, ndipo ndinaonetsetsa kuti pakati pa iye ndi a Nachisale pali anthu atatu. Amene ankatolera ndalama anali mlamu wake wa dalaivala, bambo wandevu wonunkha kachasu. Ntchito yake ina inali mwala. Ankaufungatira ngati mwana, ndipo galimoto ikaima pachitunda ankadumpha n'kuuponya kuseri kwa tayala. Aphunzitsi aja anafunsa ngati mabuleki a galimotoyi ndi amenewo. Anthu anaseka. Wandevuyo anati amene akufuna mabuleki akadikire basi ya boma.

Msewu wochokera kumapiri a Ntchisi kupita ku Dowa ndi wa dothi, wokwera n'kutsika osapuma. Pachitunda choyamba injini inatsokomola n'kuzima. Amuna anatsika kukankha, akazi tinatsala. Pachitunda chachiwiri tinatsika tonse, ngakhale Filomena, n'kukwera wapansi tikumeza fumbi la galimoto yathu yomwe. Pakamtsinje kena tinaima nthawi yaitali, injini ikufuka nthunzi, wandevu akutunga madzi ndi chigubu chodula. Filomena anagula nzimbe kwa mayi wina wa pamenepo. Ndinamulanda n'kuiponya patchire. Chakudya cha munthu wosamudziwa, tsiku ngati limenelo. Anandiyang'ana ndi maso a misozi. Mwana ameneyo sanandiyankhepo chibadwire.

Potsetsereka ndi pamene ndinazindikira kayendetsedwe kake. Tikafika pamwamba pa mtunda, dalaivala ankazimitsa injini dala, galimoto n'kumatsika yokha, phee, kumangomveka miyala ikuwomba pansi ndi zitsulo zikulira. Ati kusunga dizilo. Tikayandikira kumunsi ankaigwedeza n'kulira yokha. Anthu a m'galimotomo ankadziwa makona onse ndi maina a amene anafera pamenepo. Apa ndi pamene inagubuduzika ya osewera mpira. Apo, mukuona chitsulo chija m'munsimu, inali ya ukwati, mkwatibwi anatsala wamasiye tsiku lomwelo. Bambo wa nyemba anati chaka chino chokha iye wanyamulapo mitembo pamsewu umenewu katatu. Ankanena ngati akuwerenga mbuzi za mnzake. Aphunzitsi anati vuto ndi ufulu, aliyense akuti demokalase ndiye kuti palibe womuuza. Wina anati kale ngozi zinaliponso, kungoti munthu ukanena unkasowa. Anakangana mpaka kuiwala kugwira.

Ine sindinalowerere. Ndinkayang'ana manja a a Nachisale. Ankaseweretsa nsonga ya chitenje chawo, kuipinda, kuimasula, kuipindanso.

Titadutsa pamsika wina waung'ono, Filomena anandigwira dzanja n'kulifinya. Ndinamuyang'ana. Pamphuno pake panali thukuta, kunja kukuzizira choncho. Anandinong'oneza kuti msana. Ndinamufunsa kuyambira liti, anati kuyambira pachitunda tinayenda wapansi paja, koma tsopano zikubwera n'kumapita. Ndinamuuza kukhutu kuti alume mpango, asakwinye nkhope, asagwire mimba, pakuti pali maso. Anagwedeza mutu. Kuyambira pamenepo zikabwera ankangoyang'ana kumapiri ngati akuona chinachake chokongola.

Pa Dowa Boma tinafika cha m'ma thuu koloko. Ambiri anatsika. Dalaivala anati apitirira mpaka kumsewu wa tala, koma ayambe wadzaza. Anaimika pafupi ndi msika n'kulowa m'kanyumba kena kolira nyimbo, mlamu wake pambuyo. Tinakhala pamenepo maola awiri. Boma lake ndi laling'ono, ukaima pamsika umaliona lonse, koma zigoba za magalimoto zinali paliponse: kuseri kwa sitolo, pambali pa msewu, ina itapindika pakati ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, ana akusewera m'kati mwake. Mayi wogulitsa zitumbuwa anatiuza kuti masiku ano akangomva galimoto ikubwera ndi hutala osalekeza amadziwa kuti yanyamula ovulala, ndipo sapita n'kukaona komwe, anatopa.

Filomena anatsika kukataya madzi. Pobwera ankayenda motakataka miyendo, akuima. Ndi pamene a Nachisale anandiyandikira n'kukhala pafupi nane pa tayala. Analankhula motsitsa.

"A Nabanda, tisanamizane, tonse ndife akazi. Mwanayu matenda ayamba. Chipatala si icho chikuoneka denga apocho? Mulowetseni."

"Matenda ati? Tikupita kumaliro ife."

"Kumaliro ndi beseni?"

"Za mumtanga mwanga mwaziona bwanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka kubwerera pamalo pawo. Mumtima ndinati ndakugwira. Ukufuna udziwe denga limene agone, bedi lake, ola lake. Ndikanakhala ndekha mwina ndikanamulowetsa pomwepo. Koma poti ananena ndi iwowo, ndinatsimikiza kuti pa Boma sitigona.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Tsopano tinali ambiri kuposa poyamba, ena atakhala m'mphepete miyendo ili kunja, njinga ziwiri atazimangirira kumbuyo, ndi mabelo atatu a fodya a munthu wina amene anasowa lole. Dalaivala anatuluka maso ali ofiira, magalasi atawakweza pamutu. Tisanafike pamene apolisi amaima, anatsitsa anthu asanu ndi awiri kuti adutse wapansi ngati anthu oyenda okha, n'kukawatenganso kutsogolo pakona. Onse ankadziwa kachitidwe kake, palibe anafunsa.

Pamtsetse wautali anazimitsanso injini.

Poyamba zinali ngati nthawi zonse. Kenaka mphepo inayamba kulira m'makutu. Ndinaona kudzera pagalasi lakumbuyo mwendo wa dalaivala ukuponda, kuponda, kuponda, ngati munthu wopopa njinga. Anayesa kuiliza, giya inangokukuta. Wandevu anaima ndi mwala wake m'manja osadziwa kouponya. Aphunzitsi anayamba Tikuoneni Maria. Kumunsi kunali kona ndi kamlatho. Ndinamukumbatira Filomena, koma manja a nkhalamba ndi chiyani.

Sindinamve kugunda. Ndinangopezeka ndili chagada m'munda wokolola kale, mapesi akundibaya, kumwamba kuli mbee. Kukamwa kunali dothi ndi magazi, mano awiri palibe. Galimoto inali chafufumimba m'ngalande, tayala limodzi likuzungulirabe. Nyemba zinali mbwee msewu wonse.

Filomena ndinamupeza atakhala tsonga m'mphepete mwa msewu, belo la fodya lili pambali pake. Analibe bala ngakhale limodzi. Nsapato zonse ziwiri zinali kuphazi. Anati belolo linamugwera pamimba koma walikankha, ndipo anafunsa ngati ine ndili bwino, poti kukamwa kwanga kunkaopsa. Ndinathokoza Mulungu. Ndinamufunditsa chitenje.

Dalaivala ndinamuona ndi maso anga akutuluka pawindo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuthamangira kuchigwa. Amadziwa kuti akapezeka pamalo anthu amamumaliza. Mlamu wake anali pansi pa galimoto, kukuoneka miyendo yokha. Anthu a m'midzi yapafupi anafika mothamanga, ena kudzathandiza, ena ndi malichero. Mayi wina ankawola nyemba pafupi ndi mutu wa aphunzitsi, iwo akubuula mwendo utathyoka, fupa lili panja. Mtanga wanga ndinauona ukupita pamutu pa munthu, sindinathe n'kukuwa komwe. A Nachisale, chipumi chikuchucha, anang'amba chitenje chawo n'kuyamba kumanga anthu mabala.

Magalimoto awiri anadutsa osaima. Amaopa kuti ukanyamula wovulala n'kukufera m'njira, umasanduka mboni, masiku ako n'kuthera kupolisi. Yachitatu inaima. Inali yaing'ono, yopita ku Boma, ya bambo wina wa tayi. Anatsika, anayang'ana, n'kunena kuti angathe kutenga atatu okha, ovulala kwambiri, opanda operekeza. Anakweza aphunzitsi. Anakweza mwana wotsokomola uja, mutu utang'ambika, mayi ake akulira kuti awatengenso, bamboyo anakana. Panatsala malo amodzi. Anayenda pakati pathu akuyang'ana, n'kuima pa Filomena.

"Mayi awa ndi oyembekezera. Agogo, ali bwanji?"

Anthu onse anatembenuka. Nkhope makumi angati, zosazidziwa, za anthu omwe aja amawola nyemba. A Nachisale anali chapafupi, atagwada, akumanga mkono wa munthu, ndipo ndinaona kuti manja awo aima. Bamboyo sindinkamudziwa dzina, kwawo, kapena kumene akanakhotera ndi mwana wanga ali yekha m'galimoto. Ndipo kuti ndinene pamaso pa gulu lonselo kuti matenda ayamba.

"Ali bwino," ndinatero. "Wangodzidzimuka. Masiku ake akadali kutali."

A Nachisale anati, "Bambo, mutengeni ameneyo."

"Ndi mwana wanu kapena wanga?"

Bamboyo anawerama n'kumufunsa mwini wake ngati pali pamene pakupweteka. Filomena anayang'ana ine. Kenaka anati, "Ndili bwino, bambo."

Malowo anakhalapo wajekete uja. Anali atachekeka pachikhatho, ndipo ankakuwa kuposa aliyense.

Galimotoyo itapita ndinakhala pansi pafupi ndi Filomena. Ndinkati ibwera ina, tikwera tonse awiri, tipita kwa masisitere monga ndinakonzera. Panapita nthawi. Anati akumva ludzu. Mtsikana wina anabweretsa madzi m'chikho, ndinayamba ndalawa ine. Anamwa onse n'kupemphanso. Kenaka anati akumva kuzizira, ndipo zija zimabwera n'kupita zasiya kupita. Anagona chammbali, mutu pamwendo panga.

A Nachisale anabwera osapempha. Ndinawakankha dzanja, iwo anandikankha ine, mwamphamvu, mpaka ndinagwera chigongono. Anapisa dzanja pansi pa chitenje, anagwira mimba, anamutsegula chikope, anamuyang'ana m'kamwa. Ananditenga dzanja langa n'kuliika pamimbapo. Inali gwa ngati mtondo. Milomo yake inali itayera ngati wadya ufa.

"Magazi akutayikira m'kati," anatero. "Mwana sakugunda."

Anadzuka n'kukaima pakati pa msewu, nkhalamba ya chipumi chamagazi, manja m'mwamba. Minibasi ina inawazemba n'kuwatukwana. Lole ya fodya inaliza hutala kuchokera kumtunda osachepetsa liwiro, anthu anachita kuwakoka. Ine ndinkapemphera kolona ndi zala, poti kolonayo inapita ndi mtanga. Filomena anandifunsa ngati kutala n'kutali. Anali asanauonepo msewu wa tala. Ndinati tatsala pang'ono.

Imene inaima inali thirakitala yokoka ngolo ya nkhuni, dzuwa litafiira. A Nachisale anagwada pamaso pa woyendetsayo mpaka anavomera kutembenuka. Tinamugoneka pamwamba pa nkhuni, ine kumutu, iwo kumiyendo, n'kukwera mtunda womwe uja pang'onopang'ono, kubwerera ku Boma kumene tinakhala maola awiri tikuyang'ana denga la chipatala.

Anamwino anathamanga nafe, zimenezo sindingawanamizire. Anamulowetsa, chitseko chinatsekedwa. Pabenchi panja panali wajekete uja, dzanja lili ndi bandeji yoyera, akudya nthochi n'kumafotokozera anthu mmene anapulumukira. Sipanapite nthawi yaitali. Anatuluka namwino wamkulu, mayi wa imvi ngati ine, n'kufunsa mwini wake wa mtsikanayo. Anati mwana anali wamwamuna, anafera m'mimba. Anati mayi wake ayesetsa, koma wafika magazi atatha. Kenaka anafunsa, osati mokalipa, ngati munthu wotopa:

"Anzanu a ngozi yomweyi anafika kalekale. Wapakati ndiye woyamba kukwera. Munamusiyiranji?"

Ndinatsegula pakamwa. A Nachisale anayankha ndisanatulutse mawu.

"Munalibe malo."

Namwinoyo anapukusa mutu n'kulowa.

Maliro tinabwera nawo pa matola ina, pakuti njira ina kunalibe. Nayonso inkazimitsa injini potsetsereka. Kumudzi anthu anatukwana dalaivala, anatukwana matipate, anatukwana bambo wa tayi amene anasiya wapakati n'kunyamula munthu wa bala la pachikhatho. Mkamwini analumbira kuti akadzamupeza bamboyo adzamupha. Ine ndinali m'nyumba ya maliro, a Nachisale atakhala moyang'anana nane, akuimba nawo nyimbo. Ndinkadikira kuti nyimbo ikatha anena. Nyimbo inatha, inayamba ina.

Sananene pamaliro, sananene pometa, sananene ku mphakati. Mwana wawo wa ku Lumbadzi analidi wodwala, anamwalira mwezi wotsatira, ndinapita kukalira nawo. Mpaka lero m'mudzi muno amadziwa kuti m'galimoto muja munalibe malo. Amene tikudziwa kuti malo analipo tilipo awiri, ndipo winayo amadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse popita kuchitsime. Amaima, amafunsa mmene ndadzukira, ndimayankha kuti ndadzuka bwino kaya iwo. Amandiyang'ana pang'ono, n'kupitirira. Chimene akusungira mawuwo sindikuchidziwa. Munthu sasunga chinthu zaka zonsezi popanda tsiku limene akufuna kudzachigwiritsa ntchito, ndiye ndimadzuka msanga, ndimasesa pakhomo, n'kukhala pakhonde kudikira kuti mwina ndi lero.